Njira Yotsetsereka ya Depoti Yapansi

Pa depoti yakale amanditcha Mayi Sinditsitsa. Ndimagulitsa nthochi ndi malalanje pafupi ndi chipata chotulukira mabasi, ndipo wofuna kuti nditsitse mtengo ndimamuuza kuti akathyole yekha kumunda. Mwana wanga wachisamba nayenso ntchito yake ili pomwepo. Amakonza mafoni pa kabenchi pafupi ndi pogulitsira matikiti, makondakitala amamutcha Adokotala. Miyendo yake inafota ali wamng'ono, amayenda pa chikuku, koma mkazi ndi ana amadyetsa yekha.

Khonsolo ya mzinda itanena kuti ikumba depoti yatsopano pansi pa nthaka, pakati penipeni pa tawuni, amayi anzanga ogulitsa sanavutike kusankha wokawayankhulira.

"Pitani inuyo," anatero. "Pakamwa panu palibe buleki."

Anatilowetsa m'chipinda chozizira ngati firiji. Patebulo panali kadepoti ka makatoni, timabasi take, ndi tianthu tonga nyerere. Wotifotokozera anali mtsikana wojambula mapulani, wamagalasi, woyankhula motsitsa mawu. Abwana ake anali pakona, akungodinadina foni.

Mtsikanayo anachotsa denga la kadepotiko kuti tione m'kati. Apa polowera mabasi, apa potulukira utsi, apa zimbudzi, apa masitepe. Ine ndinkasaka chinthu chimodzi basi, matebulo athu. Ndinawapeza atapanikizana pakona, osakwana ife tonse.

"Otsalawo akagulitsira kuti? Padenga?"

"Malo ndi ochepa, amayi. Pansi pa nthaka paliponse mpofunika kukumba."

"Nanga ichi?" Ndinaloza chinjira chachitali chotsetsereka, chotsika m'mbali mwa khoma ngati njoka yokhuta.

"Imeneyo ndi njira ya oyenda pa zikuku ndi okankha katundu."

Ndinamva. Mawu akuti zikuku analowa m'khutu mwangamu bwinobwino. Koma ine ndikayamba kunenerera, mutu umatentha, ndimangoona chimene winayo wagwira m'manja ndi mmene ndingachilandire.

"Chinjira chonsechi cha anthu angati? Chotsani, muike matebulo."

"Amayi, njira imeneyi siingafupike. Ikafupika ikhala phompho."

"Sindinati mufupikitse. Ndati chotsani. Apo ayi, tsiku lobwera mathirakitala mudzatipeza titagona pamsewu ndi madengu athu."

Ndinanyamula chikwama ngati ndikutuluka. Nzeru imeneyi sinandikanikepo, ngakhale kwa ogulitsa nthochi pikulitsa. Ndisanafike pachitseko abwana aja anadzutsa mutu.

"Kumapeto uko kuli chikepe chokweza ndi kutsitsa anthu, si choncho? Chikwanira. Apatseni matebulo awo tizipita."

Mtsikana uja anandiyang'ana, kenako anazula kanjira ka katoni kaja n'kukaika m'thumba la jekete.

Pa depoti amayi anandilandira ndi nthungululu. Wina anandipatsa botolo la zoziziritsa kukhosi laulere, chinthu chimene sichinachitikepo. Ndinapita nalo pa benchi ya mwana wanga ndikuyenda ngati nduna.

"Ndamva mwawagonjetsa, amayi," anatero, maso ali pa foni yotsegula m'mimba.

"Ndawafinya ngati ndimu."

"Mwawasiyira chiyani? Inu simupereka kanthu, ndikudziwa, koma iwonso sapereka chabe."

"Kanjira kena kake."

Anaika sikuludiraiva pansi. "Kotsetsereka?"

Botolo lija linandilemera m'manja.

"Chikepe chilipo," ndinatero.

"Chikepe chimadya magetsi, amayi. Akazima ine ndili pansi, mudzabwera kudzandibereka?"

Kondakitala wina amene ankadikira foni yake anaphulika kuseka. "Musadandaule Adokotala, tidzakukokani ndi chingwe ngati chidebe cha pachitsime!"

Onse anaseka. Mwana wanganso anaseka nawo, natolanso sikuludiraiva yake. Bola akanandikalipira. Ine amene ndinamubereka kumbuyo mpaka mapazi ake ankandimenya m'mawondo, ine amene ndinakangana ndi aphunzitsi aakulu kuti kalasi yake isakhale ya pamasitepe, ndagulitsa njira yake ndi matebulo a malalanje. Tsiku limenelo munthu anandinenerera nthochi ndipo ndinamutsitsira. Mayi wogulitsa sopo anandifunsa ngati ndikudwala.

M'mawa mwake ndinabwerera ku khonsolo. Mlonda anati ndilibe nthawi yoikika, ndinamuuza kuti ayitane apolisi andipeze m'katimo. Mtsikana wa mapulani ndinamupeza akumata timatebulo tatsopano pomwe panali njira paja.

"Bwezerani," ndinatero.

"Dzulo munati tichotse."

"Dzulo ndi dzulo. Mwana wanga amayenda pa chikuku."

Anavula magalasi. Ndinadikira kuti andinyoze, ndinali nditakonzekera kumeza. Koma sanandinyoze.

"Ine ndingasangalale kubwezera. Koma abwana auza kale akuluakulu kuti ogulitsa avomera. Pokhapokha ogulitsawo atanena okha kuti asintha maganizo. Ndipo mudziwe, njira ikabwerera, mzere wonse wa matebulowu ukuchoka."

"Theka la mzere."

"Amayi."

"Chabwino, wonse."

Ndinaitanitsa amayi onse kuseri kwa shedi ya mabasi aatali. Kupempha sindinazolowere, mawu ankatuluka ngati ndikulamula. Mayi wa sopo anaimirira manja ali m'chiuno.

"Dzulo tinakuimbirani nthungululu, lero tibweze? Chifukwa ndi mwana wanu? Akanakhala wa wina mukanabwera?"

Yankho lake tonse tinkalidziwa.

Woyamba kukweza dzanja anali mayi wa mapasa, wogulitsa maswiti ndi madzi ozizira. Ndi wamng'ono, mwamuna wake anamuthawa, ndipo tebulo lake layandikana ndi benchi ya mwana wanga. Ndiye amamuyang'anira mafoni akapita kuchimbudzi.

"Adokotala akakhala kumtunda, mafoni athu azikonza ndani?" anatero. "Komanso madengu athuwa, tizitsika nawo pamasitepe titasenza? Ine msana wanga ndi umodzi."

Manja anayamba kukwera, ena monyinyirika. Mayi wa sopo anakweza lake pomaliza, akuyang'ana kumbali. Tinagwirizana kuti matebulo otsalawo tichite maere, aliyense aponye chitsekerero cha botolo chokhala ndi chizindikiro chake m'chidebe, dalaivala wina wachikulire azitola osayang'ana, chotuluka mwini wake wapeza tebulo.

Changa chinatuluka koyambirira. Cha mayi wa sopo chinatuluka. Cha mayi wa mapasa chinatsala m'chidebe. Anachitola yekha, n'kuchipukuta ndi nsalu ngati ndi chinthu cha mtengo wake, n'kubwerera pa tebulo lake, poti panali mwana wasukulu akufuna maswiti.

Njira yabwerera pa mapulani. Mwana wanga nditamuuza anangoti, "Zikomo, amayi," kenako anayang'ana tebulo la maswiti lija. Ndikanapanda kutsegula pakamwa tsiku loyamba lija, palibe amene akanalonjezedwa tebulo n'kulandidwa. Mayi wa mapasa anali atauza kale ana ake kuti azigulitsa pamthunzi, mvula osamunyowetsanso.

Ndinapirira mpaka masana, kenako ndinapita pomwe anali. Ankathira madzi m'mabotolo.

"Tebulo langa kumeneko lidzakhala lalitali," ndinatero. "Tidzagawana. Iwe mbali iyi, ine iyo."

"A khonsolo anati tebulo limodzi, munthu mmodzi. Munali pomwepo."

"Ndikakambirana nawo."

Anatseka botolo, n'kundiyang'ana koyamba chichitireni maere aja. Sanali wokwiya, anali wotopa chabe.

"Amayi, chonde," anatero. "Musapitenso kukakambirana."