Mkamwini M'munda Wosalola Khasu

Tsiku limene tinapita kukafunsira mbeta kwa bambo a Michelle, amalume athu a Chimbalanga anavala suti yawo yabulauni, ija amaisungira maliro ndi zikwati. Ndinkayendetsa ndine, chifukwa pa abale tonse amene tili ku Leicester kuno galimoto ndili nayo ndine ndekha, ndipo ntchito yanga yosamalira okalamba m'makomo mwawo inandizoloweretsa misewu ya kumidzi. Mlongo wanga Nathaniel, mwini nkhaniyo, anakhala kumbuyo. Ndi munthu wophunzira, amapereka mankhwala pa famase ina m'tauni, koma tsiku limenelo mukanamufunsa dzina lake akanayamba wayang'ana pa laisensi.

Michelle ndi namwino, mwana yekhayo wa a Anthony, mlimi wa nkhosa cha kufupi ndi Market Harborough. Mayi ake anamwalira. Iye anali atamuuza Nathaniel mosapita m'mbali kuti kukonda amamukonda, koma popanda mawu a bambo ake ukwati kulibe. Mawu amenewo ndi amene tinkakapempha.

A Anthony anatipatsa tiyi n'kukhala pansi. Amalume anayala nkhani mwaulemu wonse, za tambala wawo amene waona kamsoti pakhomo pano, ine ndikumasulira mmene ndikanathera. A Anthony ali ndi nkhuku zenizeni kuseri kwa nyumba, moti poyamba ankaganiza kuti tabwera kudzagula. Atamvetsa, anamuyang'ana Nathaniel kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Tiona," anatero, n'kuyamba kutolera makapu.

Potuluka, amalume anaima pampanda n'kuuma pomwepo. Kumunsi kwa nyumbayo kunali munda waukulu wotsetsereka, ndipo wonsewo unali mizere. Inali mizere italiitali, uliwonse wotambalala ngati msewu wa ngolo, yokhota pang'ono kumapeto. Koma yonse inali itamera udzu, nkhosa zikungodya pamwamba pake.

"Jestina, ukuona zimene ndikuona inezi?" anandifunsa. "Munthu anaunda mizere n'kulephera kubzala. Mphamvu zinatha, mwana wamwamuna alibe. Ndiye iwe Nathaniel ubwere ndi manja ofewa ngati buledi, n'kumati akupatse mwana wake? 'Tiona' ameneyu akufuna kuona khasu."

M'galimoto Nathaniel anayesa kufotokoza. Mizere imeneyo, anatero, sanaunde a Anthony. Anaisiya alimi a makedzana amene ankalima ndi ng'ombe zaka mazanamazana zapitazo, ndipo m'madera ambiri mathirakitala anaifafaniza kale. A Anthony ataona kuti minda ya anzawo ikusanduka nyumba zosungiramo katundu, anachita pangano, motsatira lamulo la boma, ndi bungwe lina loteteza malo. Panganolo limati munda umenewo usalimidwe, usamangidwepo kanthu, usathiridwe feteleza, uzingodyetsedwa nkhosa. Ndipo silithera pa iwo okha ayi, limamanga aliyense amene adzatenge mundawo, kaya pogula kaya polowa m'malo.

"Ndi covenant amalume, anasayina. Ndi legal document."

"Mkamwini aliyense waulesi amakhala ndi lamulo lake," amalume anayankha. "Wina amati msana, wina amati lero ndi Sabata. Iwe wabwera ndi covenant."

Muwamvetse amalumewa. Anakwatira mwachikamwini m'mudzi wina kwathu ku Dedza, ndipo mpaka lero amanyadira kuti apongozi awo ankadzuka n'kupeza ndime yatha, mame asanaume. Kuno amanyamula makatoni, ndipo amakhala ku Highfields m'kachipinda kapamwamba komwe dothi lokhalo lili m'chitini cha majarini pawindo. Pansi pa bedi lawo pankagona makasu awiri opanda mipini, amene anabwera nawo musutikesi atawakulunga m'chitenje. Sabata imeneyo anakagula mipini. Nathaniel atayesa kuwiringula, anamuuza kuti afune nkhoswe ina, ndiponso kuti mayi athu kumudzi awaimbira okha n'kuwauza kuti mwana wawo akuthawa khasu pamaso pa Azungu. Nathaniel anagonja. Akuti analola kakona kokha, kakumapeto, koti mwina nkhosa zokha ndi zimene zingaone.

Ine ndinawauza onse awiri kuti zimenezi ndi zopusa. Amalume anandikumbutsa kuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ndinawanyamulabe, chifukwa ndikanakana akanakwera basi ndi makasu paphewa, ndipo bwenzi tikukambirana ndi apolisi.

Tinafika Loweruka m'mamawa, popeza mkamwini sadikira kutumidwa. Kunali kuzizira, koma amalume anavula nsapato n'kuponda dothi ndi mapazi. Ndinene zoona, chibwerereni kuno ndinali ndisanawaone akusangalala chonchi. Khasu loyamba litalowa pansi anatulutsa mpweya wautali, kenako anayamba kuimba chapansipansi. Kakona kaja kanayamba kukula. Anagalauza udzu, mizu kumwamba, n'kunenanso kuti alimi a makedzanawo anali osadziwa ntchito, mzere suchita kukula chonchi, ndiye anayamba kuudula kuti mutuluke mizere yoyenera chimanga. Nathaniel ankawatsatira pambuyo akupuma mwaphuma, matuza atatuluka kale, akungoti, "Amalume, it's enough, tastopani." Pamene dzuwa limawomba, malo ofiira anali atakwana bwalo la netibo.

Galu ndi amene anayamba kutipeza. A Anthony anabwera pambuyo pake, akuyenda pang'onopang'ono. Amalume anatsamira pampini akumwetulira, n'kunong'oneza Nathaniel kuti ayang'ane pansi, munthu akamayamikiridwa sayang'anitsa apongozi.

A Anthony anawerama n'kutola chibuma chimodzi. Atachitembenuza, pansi pake panali timaluwa tachikasu titaphwanyika. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Munda uwu unapulumuka nkhondo ziwiri," anatero. "Unapulumuka thirakitala ya bambo anga. Unapulumuka anthu a masuti amene amabwera chaka chilichonse ndi mapulani awo. Lero wakumana ndi iwe." Kenako anamufunsa Nathaniel, "Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Tulukani."

Amalume anandikoka dzanja. "Akuti chiyani?"

"Akuti tizipita."

"Osatipatsa ndi madzi akumwa omwe?"

Masiku otsatirawo Michelle sankayankha foni ya Nathaniel. Mlongo wangayo anabwera kwanga ku Braunstone n'kukhala pampando osavula jekete, manja ali m'mabandeji, chakudya osachikhudza. Ndinali nditakonza mawu ambiri omulalatira, koma ndinawameza. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinachita mantha kuti mtsikana wabwino uja wapita chifukwa cha makasu awiri a pansi pa bedi.

Michelle anaimbira ine. Anati bambo ake anadziwitsa okha bungwe lija, chifukwa pangano limatero, ndipo kuchita zimenezo kunawapweteka koposa. Kunabwera mayi wina wa bungwelo dzina lake Humera, anayeza, anajambula zithunzi, n'kunena kuti malowo angathe kuchira ngati chibuma chilichonse chitabwezeredwa ndi manja, udzu kumwamba, mzere waukulu uja n'kuumbidwanso monga unalili. Makina asayandikire, nkhosa azitchingire kunja, ndipo kukauma azithirira.

"Dad akuti sangakwanitse, mawondo awo," anatero Michelle. "Sindikumuitana Nathaniel. Ndikungokuuza."

Ndinamva zimene sananene, ndipo ndinakamuuza mwini wake.

Amalume anaumirira kuti kupepesa kumafuna nkhuku. Yamoyo sanaipeze, ndiye anagula yosonsola kale kubutchala ya ku Highfields n'kukaipereka ndi manja awiri, atagwada bondo limodzi. A Anthony anaigwira miyendo n'kuiyang'ana, kenako anayang'ana khola lawo lodzaza nkhuku. Koma chipata cha kumunda anachisiya chotsegula.

Nathaniel analowa yekha. Anagwada m'dothi n'kuyamba kutembenuza zibuma chimodzichimodzi, kuzilumikiza, kuzitsendera ndi zikhatho. Loweruka lililonse ankatero, mvula kaya dzuwa, mpaka anzake kuntchito anayamba kumufunsa ngati walowa mpingo watsopano. Kukauma ankatunga madzi m'ndowa kuchokera pampopi wa kukhola. A Anthony ankadutsa ndi galu wawo, kuima, kuloza ndi ndodo chibuma chimene chakhala mokhota, n'kupitirira. Michelle ankabweretsa tiyi n'kumuika pamtengo wa mpanda, poyamba osalankhula, kenako akulankhula pang'ono.

Amene ankazunzika kwenikweni anali amalume. M'munda anawaletsa, koma kutsala kunyumba ankakana, poti nkhoswe siisiya mwana pa mlandu. Ankaima kunja kwa mpanda manja ali kumbuyo.

"Ndaona zambiri ku England kuno," anandiuza tsiku lina. "Ndaona galu atavala juzi. Koma munthu wa digiri kubzala udzu wa m'tchire n'kumauthirira, ichi mukachinena kumudzi adzati mwayamba kusuta."

"Walira mvula walira matope, amalume."

"Koma akugwira ntchito m'munda wa apongozi," anatero ataganiza pang'ono. "Chikamwini ndi chimenechi, kungoti chikuyenda chobwerera m'mbuyo."

Chilimwe chikutha, bala lija linali litatsekeka. Ukadziwa poyang'ana unkaona zipsera, koma udzu unali utagwirana, ndipo Humera atabweranso anangogwedeza mutu n'kulola nkhosa kubwerera. Tsiku limenelo a Anthony anabwera pampanda pomwe tonse tinaima. Anayang'ana munda, osati Nathaniel.

"Pangano ili silifa ndi ine," anatero. "Ndikapita lidzagwira Michelle, ndi aliyense amene adzakhale naye m'nyumba muja. Ndikuona kuti ntchito umagwira. Koma munda uwu sufuna wantchito. Anthu adzabwera, ena ndi masuti, ena ndi achibale ako, aliyense ndi chifukwa chomveka bwino. Iwe unkadziwa, koma unalephera kukaniza munthu mmodzi."

Ine ndinaona kuti miyezi yonse yogwada ija ikhoza kuthera pomwepa.

Amalume Chingelezi cha a Anthony sachimva bwino, mkuluyo amalankhula ngati watafuna mbatata yotentha. Anangoona kuti nkhope zafewa, n'kuganiza kuti nthawi yabwino ndi yomweyi.

"Nathaniel," anatero, "tawapemphe apongozi akowa. Kumapeto uko, pafupi ndi ngalande, kamzere kamodzi kokha. Tibzalepo maungu tizidya nkhwani. Nkhosa sizifikako n'komwe. Translate bwinobwino, mwaulemu."

Nathaniel anayang'ana pansi monga anaphunzitsidwira, kenako anadzutsa mutu.

"Ayi amalume."

"Ndati uwapemphe iwowo, sindikupempha iwe."

"Sindiwapempha. Pano sipalowa khasu. Lero ayi, mawa ayi, ngakhale muwaimbire amayi."

Mwana amene amalume anamulipirira sukulu, amene chibadwire sanawayankhepo, anali atawakaniza pamaso pa mlongo wake ndi apongozi.

A Anthony anandiyang'ana. "Akukambirana chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, maungu ndi ngalande yomwe. Anakanda galu wawo kukhutu kwa kanthawi.

"Nkhuku ija tinadya," anatero. "Inali yolimba. Uwauze amalume ako asankhe tsiku, koma lisakhale nthawi imene nkhosa zikuswa."

Michelle anabisa nkhope paphewa pa Nathaniel. Ine ndinalira poyera, sindibisa.

Pobwerera Nathaniel anatsala, ndiye m'galimoto tinali awiri. Amalume ankangoyang'ana pawindo mpaka tinayamba kudutsa nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu zija, zotuwa, zopanda mawindo, zitandandalikana pomwe kale panali minda.

"Wandinyoza mwana uja," anatero.

"Wakunyozani ndithu."

"Pamaso pa Mzungu."

Anayang'anabe pawindo.

"Munda wa agogo ako ku Dedza, uja wa m'mbali mwa msewu, pano pali magolosale ndi malo ochapira magalimoto. Anabwera kudzaugula anthu aulemu kwambiri. Tonse tinalipo, ine ndinakhala kutsogolo." Anapukuta mphuno ndi mpango. "Panalibe ndi mmodzi yemwe woti ayi."

Atatero anatulutsa foni, anavala magalasi, n'kundifunsa kuti nkhosa za kuno zimaswa mwezi wanji.