Firiji ya Mayi a Fortune

Firiji inakanirira pakona ya masitepe. Anyamata atatu a kampani yonyamula katundu anaigwira kumunsi, Cassim kumtunda, onse thukuta lili kamukamu. Overton ankatsika pambuyo pawo atagwira chingwe cha magetsi, nkhope ili yoopsa ngati kuti chingwecho ndiye chinkalemera.

"Achimwene, mwaikamo munthu kodi?" anafunsa Cassim akupumira m'mwamba. "Ine ndangoweruka naiti. Msana uwu ndi wanga, si wa kampani ayi."

"Gwira bwino iwe, ukanda penti," anayankha Overton.

Overton anali atalondera zaka zisanu ndi ziwiri pachipata cha nyumba zina zosanja ku Al Sadd, mumzinda wa Doha. Tsopano kontrakiti inali itatha. Kampani ya ulondayo inati siwonjezera, ndipo mawondo ake anagwirizana nayo. Ndege inali mkuja. Pa zaka zonsezo, chinthu chimene akanatha kuchiloza ndi chala n'kunena kuti ichi n'changa chinali firiji imeneyi, yoyera, yogona, yotsekula pamwamba. Anaigula motchipa pa lesitilanti ina imene inkatsekedwa, ndipo inakhala miyezi m'chipinda chimene ankagona ndi Cassim ndi alonda ena, onse akuipunthwa ndi kuitukwana. Mkazi wake Belinda, ku Mponela, anali ataiona pa foni mbali zonse, mpaka kunsi. Anali atakoketsa kale magetsi m'kagolosale kake, atauzanso anthu kuti chaka chino nkhuku zoduladula ndi zakumwa zozizira azigula kwa mayi a Fortune.

Koma munthu sachoka ku Doha yekha. Ikangomveka mbiri yoti uje akupita kumudzi, Amalawi amayamba kugogoda, ena oti sunawaonepo chibadwire. Ndipo palibe amene amabwera ndi phukusi. Aliyense amabwera ndi kaphukusi, kakang'ono, kosalemera, koti mukangokasiya pa Lilongwe achibale akatenga okha. Ndiye ukana bwanji? Iwe amene nsapato za mwana wako, foni ya mkazi wako ndi mankhwala a mayi ako zinapita kumudzi m'zikwama za anthu ena, osalipira olo tambala?

Zikwama zake za pa ndege zinali zitadzaza kale, choncho Overton anakumbukira nzeru ya kwawo. Pa lole ya ku Mponela, ukagwirizana ndi dalaivala mtengo wa kabati, zimene zili m'kabatimo si nkhani yake. Pa foni, a kampani yonyamula katundu ija anamuuza mtengo wa firiji ya msinkhu umenewo, pa sitima mpaka ku Beira, kenako pa lole mpaka ku Lilongwe. Mtengowo unali wokwera, koma anauvomera. Atatero anayamba kulonga timaphukusi m'firijimo, kamodzikamodzi, mpaka tsiku lomaliza anachita kukhalira chivundikiro kuti chitseke. Anadziona wochenjera ndithu.

Atafika nayo panja, kapitawo wa anyamatawo, mkulu wina wa ku India wa ndevu za imvi, anatsitsa sikelo m'galimoto n'kuiika pansi. Overton anaiyang'anitsitsa sikeloyo. Za sikelo palibe anamuuza, kapena anamuuza koma iye ankamvera za mtengo zokha.

Anaikweza. Kapitawo anayang'ana nambala, anayang'ana Overton, anayang'ananso nambala. Kenako anadula tepi ndi kampeni n'kukweza chivundikiro.

"Bwana," anatero m'Chingerezi chothyokathyoka cha ku Doha, chimene aliyense amalankhula, "firiji yako yameza inzake."

"Mtengo tinagwirizana kale pa foni."

"Wa firiji yopanda kanthu. Ife timawerenga makilo. Sitima sidziwa kuti ichi n'chiyani, imangodziwa kulemera."

Anadinadina pa foni yake n'kumuonetsa. Mtengo unali utawirikiza, n'kupitirirako pang'ono. Timaphukusi tija tinkalemera kuposa firiji yeniyeniyo.

Overton anayamba kunenerera ngati ali pamsika. Anamutcha bwana, anamutcha mbale, anamuuza za ana, za mawondo, za magetsi amene anakoketsedwa kale. Kapitawo anamvetsera mwaulemu ngati munthu amene nyimbo imeneyi amaimva tsiku lililonse, m'zilankhulo zosiyanasiyana.

"Inenso ndine wolembedwa ngati iwe," anatero. "Kontena ikutsekedwa masana ano. Ina ndi mwezi wamawa, iwe udzakhala utapita. Ganiza, koma yala, yala, fulumira, ndili ndi nyumba zina."

Za kuwonjezera ndalama panalibe poganizira. Imene kampani ya ulonda ija inamupatsa pomutsanzika, yambiri inali itapita kale kumudzi, ku magetsi aja ndi ku fizi ya Fortune. Imene inatsala m'thumba inkakwana chimodzi: firiji, kapena katundu wa eni ake.

Anayamba kutulutsa timaphukusi n'kumatindanditsa m'kamthunzi ka khoma. Dzuwa linali lisanafike pamutu koma simenti inkaotcha kale kudutsa m'nsapato. Kaphukusi kalikonse kanali ndi dzina lolembedwa pa tepi. Mabulangete, mapoto, nsapato, sipika yaikulu ngati ya pa ukwati. Kena, ka Aubrey amene amayendetsa galimoto ya banja lina ku Al Waab, kanachita kufuna manja awiri. Cassim anakang'amba pakona n'kusuzumira.

"Zitsulo za galimoto! Aubrey akufuna kukamanga minibasi kumudzi, chidutswa chimodzi pa munthu aliyense wopita. Akuluakulu sananame, pang'onopang'ono ndi mtolo."

"Nanga aka?" anafunsa Overton, atanyamula kena kolemera ngati thumba la mchenga. "Kalembedwa kuti Mangochi."

Cassim anayang'ana kumbali. "Tizipatso ta tende timeneto. Ta amayi. Si tambiri ayi."

"Si tambiri," anabwereza Overton.

"Inu achimwene, musandione ngati ndine ndekha."

Overton anatulutsa foni. Anaganiza kuti aliyense akaponyapo kangachepe, zonse zipita. Anayamba ndi Aubrey.

"Aa, big man, ndili pa duty, ndiku-drive-a madam," anatero Aubrey monong'ona. "Komanso mwezi uli pakati uwu, salary sinalowe. Mukanandiuza kale."

"Nanenso ndangodziwa pompano. Zitsulo zakozi ndiye zikundipha."

"Koma big man, chaka chatha si ine ndinakutengerani ma-parcel awiri? Ndinakulipiritsani? Kupatsa n'kuika, mukudziwa inu. Pepani, madam akubwera."

Anaimbira ena. Alonda anzake mafoni anali atatsekeredwa m'malokala kuntchito, a m'mahotela sankayankha. Mmodzi anayankha ali m'tulo, anati inshallah aona mawa, n'kudula. Mavis sanamuimbire n'komwe. Mavis amagwira ntchito ya m'nyumba ku Nuaija, ndipo foni amaloledwa kuigwira akamaliza ntchito zonse. Kaphukusi kake kanali makina osokera a pamanja, okulungidwa m'chitenje. Anabwera nawo Lachisanu lapitalo, tsiku limodzi lokhalo limene amatuluka pa mwezi, atawakoka kuchokera ku shopu, mu metro, sitima ya mumzinda ija, mpaka masitepe onse aja. Anafika ali wefuwefu, n'kukhala pansi kaye asanapereke moni.

"Ndi a mwana wanga wamkazi ku Dedza, achimwene," anatero tsiku limenelo. "Ndiye akulera ang'ono ake. Kuntchito sindingawasunge, madam salola katundu m'chipinda. Ndamuuza kale kuti achimwene a Overton akubweretsera."

Onse anali atauza kale anthu awo. Ena mwa achibalewo anali atayamba kale kumutumizira mauthenga, kufunsa kuti katundu afika liti.

"Achimwene, mverani ine," anatero Cassim, nthabwala zitatha tsopano. "Kwezani firiji. Izi ndibweza ndine, aliyense adzatenga chake. Tende wanga tidya konkuno. Akakutukwanani, inu muli ku Mponela, simumva. Alamu akoketsa magetsi, mukufuna akalumikizeko chiyani, zitsulo za Aubrey?"

Zinali zoona, ndipo Overton anadziwa kuti zinali zoona. Anawerama kuti ayambe kusankha, mwina pang'ono pokha pakanakwera limodzi ndi firiji. Ananyamula bulangete la Grayson kuti aliike kumbali. Koma Grayson ndi amene ananyamula mankhwala a mayi a Overton chaka chimene anadwala shuga, n'kukawasiya yekha pakhomo, pa thiransipoti yake. Analibwezera. Ananyamula mapoto, n'kukumbukira kuti mwini wake anamugonekapo sabata yathunthu pamene anali wachilendo mumzinda uno. Anawabwezera. Ngakhale zitsulo za Aubrey zinali ndi mlandu wake. Akanatenga cha uyu n'kusiya cha uyo, nkhani yake ikanafika kumudzi iye asanatere.

Anaima, mawondo akulira. Anali atatopa. Kutopa kwa zaka zonse zoima pachipata, kutsegulira anthu amene sankamuyang'ana n'komwe, kunangomugwera nthawi imodzi pamalo pomwepo. Anafuna kungokhala pansi, winawake amusankhire.

Kapitawo anagogoda pa wotchi yake. "Khalasi, bwana, nthawi yatha. Iti?"

Tisanamizane kuti kunali kukoma mtima. Kukana anthu makumi awiri kumafuna mphamvu zambiri kuposa kukana mkazi mmodzi, ndipo mphamvuzo Overton analibe.

"Kwezani izi," anatero, akuloza timaphukusi. "Firiji itsale."

"Achimwene!"

"Cassim, usandionjezere. Ukaigulitse. Zimene ungapeze, udzanditumizire."

"Idzapeza zingati? Anthu akadziwa kuti mwini wake wapita amagula ngati akukuchitira chifundo."

Overton anakodola kapitawo kuti ayambe. Anyamata aja analonga zonse m'makatoni awiri akuluakulu, anazunguliza tepi, n'kulemba dzina lake mbali zonse ndi zilembo zikuluzikulu. Anapereka ndalama. Kapitawo anamugwira paphewa pang'ono, n'kukwera. Galimoto inakhota pakona ya sitolo ya mankhwala n'kusowa m'magalimoto ena.

Firiji inatsala pamalo pomwepo, chivundikiro chili yasa. Overton anakhala pa sitepe ya pakhomo, foni ili m'manja. Kenako anaimbira mkazi wake. Cassim anapita kukagula madzi, kapena anangofuna kuti asamve.

Belinda anayankha msanga, ngati anali ataigwira kale. Kumbuyo kwake kunkamveka hamala.

"Bambo a Fortune! Yakwera? Kuno kalipentala akuchotsa shelefu ya kumanzere ija, ndayeza ndi chingwe, ikwana bwinobwino."

"Mayi a Fortune, muuzeni ayambe wasiya kaye."

Hamala inapitiriza. Overton anafotokoza zonse, za sikelo, za makilo, za Grayson, za makina a Mavis. Anafotokoza motalika kuposa mmene zinafunikira, chifukwa ankaopa chete amene akanabwera akangosiya. Anamva mkazi wake akulankhula ndi munthu wina chapatali, ndipo hamala ija inaleka.

"Ndiye kuti katundu wakwera," anatero Belinda.

"Wakwera."

"Koma ndi wa eni ake."

"Eya."

"Wathu mulibemo."

"Tidzagula ina konko, ndikangopeza poyambira. Mukudziwa nanunso mmene zimakhalira kuno, anthu amenewa anatithandiza."

"Ndikudziwa," anatero Belinda. Sanakweze mawu. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudziwa. Ukwati wa mng'ono wanga munalephera kubwera chifukwa munagwirira mnzanu shifiti, ndinadziwa. Ndinangoti mwina ulendo uno wokha, poti ndi womaliza, muyambira kuno."

"Mayi a Fortune..."

"Palibe kanthu. Katunduyo akadzafika, mudzayende bwino pogawa. Dedza, Mangochi, konse kumene muli ndi anthu. Ife mudzatipeza, tinazolowera kukhala omaliza."

Foni inaduka. Overton anakhala akuiyang'anabe mpaka kuwala kwake kunazima.

Cassim anabwera ndi mabotolo awiri a madzi, anayang'ana nkhope ya mnzakeyo, n'kumupatsa limodzi. Mwini shopu ya pansi anatuluka n'kunena kuti chinthuchi chikutseka njira ya makasitomala ake. Overton anadzuka, anatseka chivundikiro, n'kugwira kumunsi.

"Tiye," anatero. "Tiibweze m'mwamba."