Mzere Wachiwiri wa Chikwangwani

Ukamalowa m'tauni ya Halbeck kuchokera kumsewu waukulu, chinthu choyamba kuona si tchalitchi kapena nkhokwe za tirigu ayi, ndi nkhope ya mlongo wanga. Ili pa chikwangwani chachikulu ngati chitseko cha galaja. Pansi pa nkhopeyo panali mizere iwiri. Woyamba unkati, "Halbeck, kwawo kwa Tyrel Ostapowich." Wachiwiri unkati, "Wosankhidwa wachinayi mu ligi yaikulu ya hoke." Kuno ku Saskatchewan tauni iliyonse imene inabala wosewera hoke, masewera omenya kampira ndi ndodo pa ayezi, imaika chikwangwani chotere. Ife tinachedwa kubala wathu, ndiye titamupeza tinaika chachikulu kuposa cha anzathu onse.

Tyrel anali ndi zaka 18 pamene matimu akuluakulu anakumana kudzatola anyamata, mmodzimmodzi motsatana, monga achitira chaka ndi chaka. Tauni yonse inadzaza mu holo ya pabwalo la hoke kuonera pa TV. Dzina lake litatchulidwa lachinayi, azibambo amene sanalirepo pa maliro a amayi awo anagwetsa misozi.

Zimene zinatsatira sindizikonda kuzifotokoza. Anasewera masewera owerengeka chabe, osagoletsa. Anamutsitsira ku ligi yaing'ono, kenaka anamugulitsa ku timu ina, imenenso inamutsitsa. Anakayesa ku Ulaya, n'kubwerako. Lero amakonza makina otenthetsera m'nyumba mumzinda wa Regina, ulendo woti ukanyamuka m'mawa nkhomaliro umadyera kuno. Koma kwathu anasiya kubwera. Khirisimasi ina tinamudikira mpaka mapirogi, timaphukusi tathu ta ufa tokhala ndi mbatata m'kati, anazizira, kenaka foni yanga inalira.

"Achemwali, ndinafika pachikwangwani."

"Ndiye uli kuti?"

"Ndabwerera. Muwauze Ababa kuti msewu ndi woterera."

Ndinapsa mtima, koma chisoni ndicho chinali chachikulu. Amayi athu anatisiya Tyrel ali wamng'ono, ndipo masokosi ake onunkha a hoke ndinachapa ndine mpaka anachoka pakhomo. Tsopano ndinali kukwatiwa anthu akamaliza kukolola, ndipo ndinafuna mlongo wanga mmodzi yekhayo akhalepo. Ananena kuti ayesa. Ine mawu akuti "ndiyesa" ndinali nditawadziwa kale kumene amathera.

Choncho m'mawa wina ndinalowa mu lesitilanti ya pafupi ndi positi, mmene alimi opuma pantchito amakhala pa tebulo lalitali n'kumakonza dziko ndi kapu imodzi ya khofi. Ndinkafuna a Merv Sawatzky, wapampando wa komiti ya bwalo la hoke, amenenso anali kochi wa Tyrel ali mwana.

"Tayang'anani, mkwatibwi watipeza," anatero a Wally Kushnir, amene pakamwa pawo sipatsekeka ngakhale akumwa. "Shawna, wasintha maganizo? Ine ndilipo, mano okha ndiwo anandithawa."

"A Wally, inu mukwatire kaye mpando mwakhalirawo, ndiwo wakupirirani. A Merv, chikwangwani chija chichoke."

Onse anayamba kuyankhula nthawi imodzi, osati za chikwangwani koma za chimene chinalakwika ndi Tyrel. Nkhani imeneyi aliyense pa Halbeck ali nayo digiri. Wina anati atsikana a m'tauni. Wina anati bondo. A Wally anati timu ija inamuthamangitsa, inamuponya pakati pa zimphona mkaka usanaume pakamwa.

"Mkaka wake uti?" anatero a Merv. "Mwana uja anamera ndevu ali ndi zaka 14. Makochi a matimu ena ankafuna kuona chikalata chake chobadwira. Akatenga kampira ankangoweramitsa mutu n'kudutsa, ana a eni ake akugwa uku ndi uku ngati zitini. Ndikamuuza kuti dzutsa mutu, patsira mnzako, amandiyang'ana ngati ndapenga. Apatsire mnzake chifukwa chiyani, poti yekha akugoletsa? Nanenso ndinkangomusiya, tinkawina."

"Sindinabwere kudzamva ulaliki, a Merv. Muchotsa kapena ayi?"

"Mwanawe, komiti inaleka kalekale kuchisamala chikwangwani chija. Sunadabwe kuti sichisuluka? Chisanu chikangotha, a Orest amapita ndi makwerero kukachipaka penti. Kafunse bambo akowo."

Ndinatuluka m'lesitilantimo. Zoti Ababa amachita zimenezo sindinkadziwa, chikhalirecho ndimakhala nawo nyumba imodzi.

Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe, atagona pansi pa makina okololera, miyendo yokha ikuoneka. Ababa ndi munthu woti mawu ake a tsiku lonse ungawalembe pachikhatho. Ndinawauza zonse, za Khirisimasi ija, zoti msewu sunali woterera. Sipanala inasiya kulira. Anatuluka pang'onopang'ono, n'kukhala tsonga, akupukuta manja.

"Anabwerera pachikwangwani?"

"Eya. Ndiye chichoke, Ababa, apo ayi ndikachidula ndekha ndi sowo."

"Ukachidule," anatero. "Abwere, apeze mitengo iwiri yokha ili chiimire. Aganiza chiyani? Aganiza kuti tachita naye manyazi."

Ine ndimakonda kupambana mkangano, ndipo apa ndinagonja ndisanayambe. Chikakhalapo, sabwera. Chikachoka, ndiye kuti tamufufuta. Ababa anabwerera pansi pa makina awo, ine ndinakalirira m'khitchini, kenaka ndinapitiriza kusenda mbatata za mapirogi a ukwati, chifukwa mbatata sizisendeka ndi misozi.

Masiku anapita osatchulanso nkhaniyo. Tsiku loti mawa ukwati, Tyrel anatumiza uthenga kuti wanyamuka. Titadya nkhomaliro, Ababa anaika makwerero ndi chitini cha penti kumbuyo kwa galimoto.

"Kwera," anatero.

"Ababa, mukufuna mukachiwalitsenso lero lomwe? Mwana wanu akachione ali patali?"

"Kwera, Shawna."

Tinaima pachikwangwani. Mphepo inali yozizira, minda yonse itametedwa, moti galimoto ikamabwera umaiona ikadali kadontho. Ababa anandiuza kuti ndigwire makwerero. Atatsegula chitini ndinaona kuti ndi penti yoyera, yofanana ndi ya thabwa lenilenilo. Anakwera, n'kuyamba kupaka pa mzere wachiwiri, chilembo ndi chilembo, mosamala ngati mmene ankachitira pochikometsa.

Anali atatsala ndi mawu awiri omaliza pamene galimoto ya Tyrel inatulukira. Ndinaiona ikuchepetsa liwiro. Pamenepo pali kanjira kolowera kumunda kamene munthu angatembenukirepo. Inafika pa kanjirako, n'kuima. Ndinafuna kuthamanga, koma ndikanasiya makwerero Ababa akanagwa. Kenaka inayendanso pang'ono, n'kudzaima kumbuyo kwa yathu.

Anatsika. Anali atanenepa pang'ono, tsitsi litayamba kuthawa pamphumi. Anayang'ana nkhope ya mnyamata wa pachikwangwani, kenaka Ababa.

"Mukugwa apo, Ababa."

"Ndikagwa undiwakha. Wayenda bwanji?"

"Bwino." Anaika manja m'matumba. "Mukufufuta?"

"Mzere uwu wokha. Wapamwambawu ndi woona."

"Wapansiwonso unali woona."

"Unali woona tsiku limodzi," Ababa anatero, akupaka. "Ine ndachedwa kuufufuta."

Tyrel anayang'ana pansi, akukankha miyala ndi nsapato. Atayankhula, mawu ake anatuluka mothamanga ngati munthu amene wawasunga nthawi yaitali.

"Sindinachite ulesi, Ababa. Sikunali mowa, sanali atsikana, kaya a Wally amanena zotani. Anzanga anangokula basi. Ndinafika kuja ndinapeza aliyense ndi wamkulu ngati ine, ndipo iwo ankaona bwalo lonse. Kampira kasanawafike amakhala atadziwa kale kopita nako. Ine ndikati ndidzutse mutu, ndimapeza ndili chagada pa ayezi. Ndinayesa kuphunzira, koma zimenezo anzanga anaphunzira ali ana, nthawi imene ine ndinkawagwetsa."

"Ndinkaona," anatero Ababa.

"Munkaona?"

"Masewera ako oyamba omwe. Ndinaona pa TV kuti mwana wanga akuthamangira kumene kampira kachoka kale. Ndinazimitsa, n'kupita kukadyetsa ng'ombe."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani? Iwe unali kuyesa." Anapaka chilembo chomaliza, n'kuika bulashi pa chitini. "Ine ndimaganiza kuti sukubwera chifukwa unakwiya nane. Ndine ndinkakudzutsa m'bandakucha kupita kubwalo."

"Ine ndimaganiza kuti inu simungafune kundiona."

Apa ndiye ndinalephera kupirira. "Tamverani anthu awiriwa," ndinatero. "Zaka zonsezi aliyense akumuganizira mnzake, foni ili m'thumba. Ine mawa ndikukwatiwa, manja andiuma ndi makwerero, ndipo palibe wandipatsa moni."

Tyrel anaseka, kuseka kwake komwe kuja kotulukira m'mphuno, ndipo anabwera kudzandikumbatira ndi dzanja limodzi, lina atagwira makwerero kuti Ababa atsike. Ankanunkha mafuta a makina. Mtima wanga unakhala pansi koyamba chiyambire mwezi umenewo.

"Achemwali, a Wally akadali moyo?"

"Akudikira iweyo. Akufuna akuuze chimene unalakwitsa."

"Mwawaitana ku ukwati?"

"Kuno timaitana munthu? Abwera onse, mpaka agalu awo."

Anapuma mozama, n'kuyang'ana msewu wolowera m'tauni. Ndinaona kuti mantha sanathe, ndipo sindinamunamize kuti anthu sakamufunsa. Ababa anamangirira makwerero, n'kumuponyera makiyi a galimoto yathu.

"Iwe yendetsa iyi, ine ndatopa. Shawna atenga yakoyo."

Ndinadziwa chimene nkhalambayo ikuchita, kumutsekera njira yobwerera, ndipo Tyrel anadziwanso, koma anakwera. Ine ndinawatsatira pambuyo, maso ali pa magetsi a mabuleki, pakamwa ndikutukwana chamumtima kuti angoyerekeza kutembenuka. Anadutsa chikwangwani, anadutsa njanji, anadutsa bwalo la hoke. Pa lesitilanti a Wally anali panja, ndipo anakweza chipewa. Dzanja la Tyrel linatuluka pawindo n'kuwabayibitsa. Mabuleki anayaka titafika pageti la kwathu.