Ndowa ya Tinenenji

Tinenenji wa ku Matero ankasoka matumba pafakitale ina, koma chimene chinkamusunga pantchito chinali netibolo. Eni atsopano atagula kampaniyo mu 1996 anachotsa anthu ambirimbiri, n'kusiyako osewera poti ankatchukitsa dzina. Wotuluka mu timu ankatulukanso pageti.

Chibadwire mwana wake wachiwiri, thupi linamupandukira. Akangolumpha kuti awakhe mpira, mkodzo unkatuluka wokha osachenjeza n'komwe. Siketi ya timu nayo inali yotuwa, yaifupi, yosasunga chinsinsi.

Kuchipatala anakumana ndi mayi Ida Mwape, ophunzitsa odwala kulimbitsa minofu. Anamuonetsa kafinyidwe ka minofu ya m'munsi, ngati munthu akugwira mkodzo, kakhumi m'mawa, masana ndi madzulo.

"Vimasila ivi, mwana wanga," anatero mayiwo pomutsimikizira kuti vutolo limatha. "Koma ni miyezi itatu, kapena kupitilila. Uyambe waleka kujumpa."

"Ba sisita, nikaleka kujumpa, bana bazadya chani?"



Ndiye Tinenenji anapeza nzeru yakeyake. Masewera asanayambe ankadzikhuthulira ndowa ya madzi kuyambira kumutu, ngakhale m'chisanu cha mu Juni, n'kulowa m'bwalo madzi akuchucha. Wonyowa kale ndani angamuone? Tsoka ilo, timu inapambana kanayi kotsatizana. Anzake anati ndowayo ndi yokhwimira, nawonso anayamba kudzithira, uku akunjenjemera ngati anapiye. Anthu ake! Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa chifukwa.

Mbiri inafika ku Chawama. Tsiku lokumana ndi timu ya kumeneko, ochemerera awo anaizinga ndowa ija akukuwa kuti ndi juju. Woimbira masewera anakhuthulira madzi onse pansi, nalamula kuti wonyowa asalowe m'bwalo.

Tinenenji anapita kwa mphunzitsi wa timu, bambo Cephas Nkole, kukanamizira mutu kuwawa.

"Ba kochi, mutu unibaba. Ikani munangu."

"Iwe, suona ba manija bali pa mpando apo? Ngena!"

Analowa. Kuyambira m'mawa sanamwe kanthu, koma mpira woyamba wam'mwamba atangoulumphira anamva kuti zayamba. Pang'ono chabe. Anayang'ana amuna atadzaza kumpanda, ena oyandikana nawo nyumba. Sanalumphenso. Mipira inkamudutsa pamutu iye atangotambasula manja, mapazi ali nganganga pansi, ochemerera a ku Chawama akufa ndi phwete.

Nthawi yopuma itakwana, bambo Nkole anamuitanira pambali. Sanakalipe ayi, anali munthu wachifundo, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri.

"Tine, niuze chabe chavuta ni chani. Ukaniuza nizakukambilako kuli ba manija."

Tinenenji anatsegula pakamwa. Anawayang'ana bamboyo, msinkhu wa atate ake, amene ankakhala nawo tchalitchi chimodzi. 

"Palibe, ba kochi."

Anavula kansalu ka pachifuwa kolembedwa malo ake m'bwalo, n'kukapereka kwa bambo Nkole ndi manja awiri.