Umembala Unadya Wigi ya Mkwatibwi

Lachiwiri m'mawa, Amake Mapasa anaima pakati pa saluni foni ili m'manja, kukamwa kuli yasa. Dzulo lake anali ataika mu akaunti yawo ya kubanki ndalama zimene mayi a mkwatibwi anawapatsa zogulira wigi ya ukwati wa Loweruka. Wigiyo inafunika kuitanitsidwa pa intaneti lero lomwe kuti ifike Lachisanu. Koma akuti adine kuti alipire, foni inawauza kuti ndalama sizikukwanira. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Anazimitsa foni n'kuiyatsanso, ngati kuti ndalama zimabisala mu batire. Ayi ndithu, zinali zitapita.

Koma tiyambire kumene nkhani inayambira, chifukwa sinayambire ku banki ayi. Inayambira pa njiru.

Saluni imeneyi inali kachipinda kamodzi: magalasi awiri, mipando iwiri, sinki imodzi pakona. Mpando wa pakhomo unali wa Amake Mapasa, mwana wachisamba m'banja mwawo. Wa kumbuyo, pafupi ndi sinki, unali wa mng'ono wawo amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime. Amene anaphunzitsa Mzime kuluka ndi iwowo, kumumenya zala ndi chipeso akakhwefula mzere. Kwa zaka zambiri makasitomala ankafola pa mpando wa pakhomo, Mzime akungotsuka mitu.

Zinthu zinatembenuka Mzime atayamba kugula katundu pa intaneti. Mlungu uliwonse wa njinga yamoto ankaima pakhomo ndi katoni. Lero mafuta onunkhira, mawa meshi wofewa ngati thonje, kenako dilaya yoimirira yovala kumutu ngati chipewa. Amayi anayamba kulowa, kupereka moni wa ulemu kwa Amake Mapasa, n'kupitirira kukakhala kumbuyo. Wina wopanda manyazi mpaka ananena akuseka kuti, "Musadandaule amayi, tsobola wakale sawawa." Amake Mapasa anaseka nawo, koma tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Mzime sanali mwana woipa. Tsiku lina akusesa anati, "Achemwali, mukadzafuna kugula chinthu pa foni mundiuze tichitire limodzi. Muli misampha mmenemo."

"Iwe undiphunzitse ine? Matewera ako ndinkachapa ndine, wamva?"

Kufunsa anakana, koma kuba ndi maso sanakane. Ankati akuluka kasitomala, diso lili pagalasi kusuzumira mmene chala cha Mzime chikuyendera pa foni. Atadziona kuti akhwima, anadikira masana ena Mzime atatuluka kukagula sopo. Msangamsanga anatsegula sitolo yomweyo, nasankha dilaya yaikulu kuposa ya Mzime, yokhala ndi magetsi othwanima m'mbali. Analemba manambala a khadi yawo ya kubanki. Pomaliza panatuluka batani lalikulu lobiriwira lolembedwa kuti akubweretserani katundu ulere. M'munsi mwake munali kabokosi kochongedwa kale, ndi timalemba tating'onoting'ono totuwa. Nthawi yowerenga ikanachokera kuti? Masilipasi a Mzime anali akumveka kale pakhonde. Anadina batanilo, foni n'kuiponya m'thumba la epuloni.

Dilaya inafika patapita masiku awiri. Ha, tsiku limenelo Amake Mapasa ankayenda ngati sakuponda pansi. Anauza wa njinga yamoto kuti aike katoniyo pakati penipeni pa chipinda, ndipo anaitsegula pang'onopang'ono kuti aliyense aone.

"Yokongola bwanji, achemwali!" anatero Mzime. "Koma polipira munachotsa kachongi kaja?"

"Nsanje ikupha iwe. Tasamala zako."

Mwezi utatha, foni inayamba kulira mauthenga. Sitolo ija inkanena kuti yalephera kutenga malipiro a umembala. Amake Mapasa ndalama zawo ankasunga m'chikwama, ndipo chigulireni dilaya mu akaunti simunkakhala kanthu kwenikweni, n'chifukwa chake sitoloyo inkalephera. Umembala wa chiyani? Iwo sanalowe gulu lililonse. Munthu wodziwa zimenezi anali pomwepo, masitepe atatu kuchokera pa mpando wawo, koma anasankha kukafunsa amuna awo kunyumba, dalaivala wa lole amene pa foni amangodziwa kuimba ndi kuona zigoli za mpira.

"Mbava zimenezo," anatero bambowo akuvula nsapato. "Ingofufuta sitoloyo mu fonimo. Ukatseka chitseko wakuba alowera pati?"

Anafufuta. Mauthenga anapitirira kubwera, iwo n'kumawafufutanso osawerenga, kuopa kuti Mzime angaone n'kuyamba kuwamvera chisoni. Kunyozedwa akanapirira, koma kumveredwa chisoni ndi mwana amene anamubereka kumsana, ayi.

Dilaya ya magetsi othwanima sinabweze makasitomala ambiri. Koma panali mayi mmodzi amene sanasunthepo pa mpando wa pakhomo kwa zaka makumi awiri, ndipo mwana wake wamkazi ndiye anali kukwatiwa. Mutu wa mwana ameneyu Amake Mapasa anayamba kuuluka ali ndi zaka zisanu, akulira, iwo akumunyengerera ndi maswiti. Ankautcha mutu wawo. Pa ukwati umenewu ankafuna kuti anthu onse aone ndi maso awo kuti manja awo akadali manja. Ndalama za wigi ya mwana ameneyu ndi zimene zinasowa Lachiwiri lija.

Mmene ankalimbana ndi foni, Mzime anali pa sinki akutsuka tsitsi la mayi wina wogwira ntchito ku banki. Amake Mapasa anatembenuka maso ali psu.

"Iwe Mzime, ndani amagwira foni yanga muno ndikapita kuchimbudzi?"

"Mukutanthauza chiyani, achemwali?"

"Makasitomala wanditengera onse, ndakhala chete. Tsopano wafuna undichititse manyazi pa ukwati kuti mkwatibwinso abwere kwa iwe? Bweza ndalama za eni!"

Mzime anangoima, thovu likudontha m'manja, misozi ili lengelenge. Mayi wa ku banki uja anadzuka, thaulo lili kumutu.

"Pepani amayi, musanatchule mnzanu wakuba, tandionetsani foniyo. Ndalama ikatuluka mu akaunti imasiya phazi."

Anatsegula mndandanda wa zimene zatuluka mu akauntiyo, nawalozera mzere wa pamwamba. Dzina linali la sitolo imene anagulako dilaya. Ndalama zinatengedwa dzulo madzulo, patangopita maola awiri chiziikireni.

"Awa ndi malipiro a umembala wa chaka chathunthu. Munagulako chinthu ku sitolo imeneyi?"

"Dilaya basi. Ndinalipira zonse, ngongole ndilibe."

"Anakubweretserani ulere?"

"Eya."

"Ndiye pamenepo. Ulere umenewo unali wa mamembala. Mutadina batani lija munavomera kuyesa umembala mwezi umodzi osalipira, ndipo timalemba ta m'munsi tinkanena kuti mukapanda kuuletsa mwezi usanathe, adzidulira okha za chaka chonse pa khadi yanu. Kabokosi kovomerezako anakuchongeranitu. Munafunika kuchotsa kachongi kake, kapena kufufuza mawu aang'ono akuti pitirizani popanda umembala. Amawabisa dala, amakhala otuwa, pansi penipeni."

"Koma ine sitoloyo ndinaifufuta kalekale!"

"Munafufuta chithunzi chake mu foni, koma pangano linatsala, ndipo manambala a khadi yanu ali nawo. Akhala akuyesa kudula masiku onsewa n'kumapeza mulibe kanthu. Dzulo mwangoika, iwo n'kutenga. Mauthenga aja ankakuchenjezani zimenezi."

Amake Mapasa anakhala pansi pa mpando wa kasitomala. Mzime anapukuta manja nalankhula motsitsa mawu.

"Inenso zinandiluma ulendo woyamba, achemwali. Kachongi kamene ndinakufunsani kaja ndi kameneka."

Palibe chimene chinawawawa tsiku limenelo kuposa mawu amenewa.

Mayi wa ku banki sanataye nthawi. Anawauza kuti abwezeretse sitolo ija mu foni, alowe mu akaunti yawo ya kusitoloko, apite pamene palembedwa za umembala. Batani loletsera linali lobisika ngati singano mu udzu. Atalipeza, sitolo inafunsa ngati akutsimikiza. Anavomera. Inawalonjeza kuchotsera mtengo akakhalabe. Anakana. Inafunsanso kachitatu.

"Musatope, amawerengera kuti mutopa," anatero mayiyo. "Pitirizani mpaka alembe kuti umembala waletsedwa. Eya, apo. Jambulani uthenga umenewo musunge, ndi umboni wanu. Tsopano chotsaninso khadi yanu mmenemo. Kenako tiwalembere kuti simunafune umembalawu ndipo simunaugwiritse ntchito, akubwezereni. Akakana, mubwere ku banki mudzadandaule."

"Abweza lero?"

"Lero ayi. Akavomera, mwina milungu iwiri."

"Mayo ine! Ukwati ndi Loweruka!"

"Ukwati wa mwana wanga watani?"

Onse anatembenuka. Mayi a mkwatibwi anali ataima pakhomo, ambulera ili m'manja. Anabwera kudzaona ngati wigi yaitanitsidwa. Bodza linafika pakamwa pa Amake Mapasa, koma mboni zinalipo ziwiri, ndiye analimeza n'kufotokoza zonse mutu uli pansi.

Mayi a mkwatibwi sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Zaka makumi awiri ndakhala pa mpando uwu, anzanga akundiseka kuti ndatsalira. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, ndipo ndalamazo mudzandipatsa zikabwera. Chimene chandipweteka n'chakuti wodziwa muli naye m'chipinda momwemuno, wa mimba imodzi, koma inu n'kulolera kuseweretsa tsiku la mwana wanga chifukwa cha mtima wanu. Safunsa anadya phula, koma inu phula lanu mwadyetsa ine."

Mzime anatulutsa foni yake. "Ndiitanitsa ndi zanga, amayi, ifikabe Lachisanu. Achemwali adzamuveka monga munapangana."

Anaitanitsa onse akuona. Batani lobiriwira linatulukanso, iye analilambalala, nachotsa kachongi, nawerenga mtengo womaliza mokweza asanalipire.

"Zikomo mwanawe," anatero mayi a mkwatibwi. "Koma mtima wanga sungakhalenso m'malo. Amene wagula ndi amene adzamuveke."

Loweruka m'mawa mkwatibwi anafika ndi anzake, saluni yonse phokoso ndi perefyumu. Anakumbatira Amake Mapasa mwamphamvu nanong'ona kuti, "Anti, ine ndinkafuna manja anu, koma amayi akana." Kenako anakhala pa mpando wa Mzime. Amake Mapasa anapatsidwa tiana toperekeza ukwati kuti atimange maliboni. Ankamanga, koma maso anali pagalasi. Mzime anamata wigi ija mwaluso moti sunkaona pamene yayambira. Amake Mapasa anafufuza cholakwika choti adzanene, sanachipeze. Mzime ankaidziwa ntchito, ndipo nsanje inawatentha pachifuwa mpaka misozi inagwera pa liboni.

Galimoto zitanyamuka zikuliza mahutala, m'chipindamo munatsala awiri okha. Amake Mapasa anatenga tsache.

"Ndinakutchula wakuba pamaso pa anthu," anatero osayang'ana mng'ono wawo. "Undikhululukire."

"Zatha, achemwali."

Patapita masiku khumi ndi awiri foni inalira. Sitolo ija inali itabweza ndalama zonse, osachotsapo kalikonse. Amake Mapasa anauwerenga uthengawo mpaka kumapeto, nakapereka ndalamazo kwa Mzime amene anagula wigi. Zonse zinabwerera m'malo mwake, kupatula chimodzi. Mwana uja anamuluka kuyambira ali ndi zaka zisanu anali atakwatiwa kale, ndipo pa mutu wake tsiku limenelo panalibe ngakhale chala chawo chimodzi.

Phunziro: Pogula zinthu pa intaneti musathamangire batani lalikulu, makamaka lolonjeza zaulere. Werengani timalemba ta m'munsi, chotsani kachongi kamene simunachonge nokha, ndipo onani mtengo womaliza musanalipire. Mukalowa umembala woyesera, uletseni nthawi isanathe ndipo sungani umboni, chifukwa kufufuta sitolo mu foni sikuthetsa pangano. Mauthenga a ndalama muziwawerenga. Ndipo ngati simukudziwa, funsani wodziwa, ngakhale akhale mng'ono wanu amene mukumuchitira nsanje.