Mpata pa Mwala wa Bambo

Mwana wachisamba wa malemu ankagwira ntchito yokonza zilembo pa shopu yosema miyala ya pamanda. Choncho mlongo wake, wobadwa kwa mayi ena, atafuna mwala wa bambo awo, anabwera kwa iye. Anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo.

Mlongoyo anaika pepala patebulo lodzaza fumbi la miyala. Panali dzina la bambo, masiku awo, ndi mayina a ana asanu. Wachisamba anawerenga kawiri.

"Nanga langa lili kuti?"

"Malo achepa, achemwali. Mwalawo ndi waung'ono. Musazitengere kumtima."

Asazitengere kumtima! Iye amene anasambitsa bambowo zaka ziwiri, kuwatembenuza pabedi ndi kuwachapira zofunda, asanu enawo akungoimba foni kufunsa ngati adya! Mtima unamuwira. Anayatsa kompyuta n'kusankha zilembo zimene bambo, amenenso anali mmisiri wa ntchito yomweyi, anamuphunzitsa kuzikonda: zachikale, zowonda, zazitali, chilichonse chili ndi timapazi take kumapeto. Ankati zilembo zimenezi n'za pamene mawu achuluka koma malo achepa, chifukwa zimaima mothithikana osapondana, ndipo ulemu wake suchoka.

Mayina onse asanu ndi limodzi anakwana bwinobwino, lake pamwamba, mpaka pansi panatsala malo.

"Taona. Achepa pati?"

Mlongoyo anakanda m'mutu, maso ali kukhomo.

"Achemwali, nkhani si malo. Amayi akuti anzawo asadziwe kuti bambo anali ndi banja lina poyamba."

Apo ndiye panali pamene panagona nkhani. Wachisamba anakwiya. Ankam'funa pamene panali zochapa, koma pamwala ayi.

"Chabwino," anatero. "Kauzeni amayi anu kuti ndalichotsa."

Analifufutadi, chilembo chimodzichimodzi. Koma mayina enawo sanawakweze. Anawasiya pomwe anali, ndipo pansi pa mawu akuti ANA AKE panatsala mpata woyera, wokwana dzina limodzi ndendende. Mwalawo anausema yekha, mozama, kuti mvula ya zaka makumi asanu isadzafafanize.

Tsiku loika mwala, achibale ndi anzawo a mayi aja anaunjikana pamanda. Azakhali, mlongo wa malemu, anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Chalacho chinaima pampata paja.

"Apa pachoka ndani?" anafunsa mokweza.

Mayi aja anayamba kufunafuna kanthu m'chikwama. Kenako anthu anatembenuka mmodzimmodzi kuyang'ana kumbuyo, kumene kunaima mkazi wina atapinda manja, fumbi la mwala likadali m'zikhadabo, mphumi ndi mphuno zili za malemu zenizeni.