Ulusi Wofiira pa Ndodo Yoyezera

Ana amenewa ndinawaphunzitsa ndine, ndiye ndilibe womuloza chala. Chaka chilichonse mu Seputembala, chisanu chisanabwerere, ndimapita nawo kuseri kwa sukulu ndi ndodo yachitsulo. Timaibaya pansi mpaka igunde nthaka youndana, ija sisungunuka ngakhale dzuwa liswe mtengo. Kenako timayeza pomwe yalekezera n'kulemba m'kope lomwe timatumiza ku mzinda wa Yakutsk.

Pa ndodoyo ndinamangapo ulusi wofiira, pa masentimita 140 kuchokera kunsonga. Ana ankati ndi wokongoletsa, ine osawatsutsa.

Mwana wanga Kunney anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pakati pa nyengo ya chisanu, nthaka yonse itaundana. Azibambo a m'mudzi anasonkha moto kumanda masiku atatu kuti nthaka ifewe, akumbe. Atakwirira, mchimwene wanga anandigwira paphewa. "Pamwamba pa bokosi pali dothi la masentimita 140, mlongo wanga. Kumeneko sikusungunuka. Akhala momwemo, ndi tsitsi lake lomwe wamuluka lija." Mawu amenewo ndi amene andiyendetsa zaka khumi ndi zinayi. Mandawo ali pamtunda womwewu wa sukulu, dothi lake ndi limodzi.

Chaka chomwe tinayamba kuyeza tinapeza masentimita 95. Chaka chatha, 128. Nthaka ikunka nisungunuka mozama chaka ndi chaka.

Dzulo ndodo anagwira Michil, wamatama wa m'kalasimo.

"Kanikiza, iwe!" anatero Sardaana, mtsikana wosunga kope. "Nsomba zonse umadya zija zimapita kuti?"

"Khala chete, ukuyesa ndi singano ya amako imeneyi?"

Anaigonera ndi mimba. Ndodo inalowa ngati m'phala. Ulusi unafika pa udzu, n'kumira.

"Aphunzitsi, 151!" anakuwa Michil. "Tawaposa a sukulu ya kutsidya aja!"

Onse anawomba m'manja. Ndinakwiya, ndisaname, koma ukalipira bwanji mwana woti wachita zomwe unamuuza?

"Mwina yapendekeka," ndinatero. "Tilembe mawa."

"Ayi, aphunzitsi," anayankha Sardaana. "Munati tizibaya katatu, ndipo kope sitinamiza."

Anabaya kawiri kena: 149, kenako 153.

"Ulusi wanu wada ndi matope," anatero Michil. "Ndiumasule?"

"Usiye."

Sardaana ananditambasulira kope, ndipo ndinasaina, poti anayeza bwino. Zaka khumi ndi zinayi palibe amene anatha kundiuza kuti Kunney anapitadi. Andiuza ana a eni, akuwomba m'manja.